Tikufuna kupita ku Zanzibar kuchokera ku Dedza, tiyende bwanji?

Wa ku Bembeke:
Moni nonse. Ndikupempha nzeru kwa amene munafikako ku Zanzibar. Ine ndimalima kachewere kuno ku Bembeke, ndipo chaka chino mbatata yayenda bwino moti ndasungako kangachepe. Mayi akunyumba anayamba kalekale kunena kuti asanakalambe akufuna adzaone nyanja ya mchere ndi maso awo, osati pa foni ayi. Ku Senga Bay tinapitako, anakondwa, koma mtima wawo uli ku zilumba zimenezi. Ndinawalonjeza, ndipo sindifuna kuti lonjezolo lithere pakamwa.

Tikuganiza zonyamuka mu Julaye, nthawi imene chisanu cha kuno chimalowa mpaka m'mafupa. Ndege sitingakwanitse, ndiye ndi pa basi basi. Kodi njira yake ndi yotani, nanga pamafunika viza? Chimene chikundisowetsa tulo kwenikweni ndi gombe loti tikakhaleko. Mayiwa satha kusambira, amangofuna madzi olekeza m'chiuno, aziviika pang'onopang'ono. Komanso ndife anthu a tchalitchi, malo oimba usiku wonse sitingawathe.

Mayi wa geni, Lizulu:
Bambo, za msewu ndikuuzani ine chifukwa ndimakapikula katundu ku Kariakoo, msika waukulu wa ku Dar es Salaam. Mukwere basi ya ku Dar es Salaam ku Lilongwe. Imadutsa Mzuzu, Karonga, n'kukaima pa boda ya Songwe. Viza sifunika kwa ife Amalawi, bola pasipoti ikhale yosatha. Mukawoloka mudutsa Kyela, Iringa, nkhalango ya Mikumi (mayi akhale ku windo, nyama zimaonekera mumsewu momwemo), kenako Morogoro. Ndi ulendo woposa tsiku lathunthu, miyendo imatupa, ndiye musakonze zokwera boti tsiku lomwe mwafika. Gonani kaye. Wotchi muisunthenso, kumeneko ali patsogolo ndi ola limodzi.

Kwacha yathu kutsidyako saidziwa. Musinthiretu mashilingi pa boda, muwerenge bwinobwino musanapereke zanu. Madola muyambe kufunafuna kubanki panopa, mukudziwa mmene ndalama zakunja zikuvutira. Tikiti ya boti alendofe amatitchaja mtengo wa madola, wosiyana ndi wa eni dziko. Maboti amanyamukira m'tauni, pafupi ndi tchalitchi cha St Joseph. Anyamata adzakuthamangirani kuti akugulireni tikiti, akaneni mwaulemu, mukagule nokha pa ofesi. Panyanja ndi maola awiri. Pasipoti isakhale pansi pa chikwama chifukwa ku Zanzibar amaionanso, ngakhale ndi dziko limodzi ndi Tanzania. Kuyambira Okutobala 2024 anaikanso lamulo loti mlendo aliyense agule inshuwaransi ya Zanzibar Insurance Corporation. Poyamba mtengo wake unali madola 44 pa munthu, imagulidwa pa intaneti.

Mphunzitsi, Ntcheu boma:
Achimwene, pa nkhani ya gombe mwafunsa bwino, chifukwa apa ndi pamene anthu ozolowera nyanja yathu amakhumudwa. Nyanja ya mchere imadzaza ndi kuphwera kawiri pa tsiku. Kum'mawa kwa Unguja, chilumba chachikulu cha Zanzibar, ku Paje ndi ku Jambiani, madzi akaphwera amathawira kutali zedi, pamatsala mchenga woyera ndi timadziwe. Mungadzuke m'mawa n'kupeza nyanja yachoka pakhomo. Kumpoto, ku Nungwi ndi ku Kendwa, madzi sapita kutali, munthu amalowa nthawi iliyonse. Vuto lake n'lakuti kumpotoko ndi kumene kuli chipwirikiti, ndipo ku Kendwa kumachitika madansi a usiku wonse mwezi ukakhala wathunthu.

Ine kwa alamu angawa ndikusankhirani Jambiani. Ndi mudzi wa asodzi, wabata, ndipo madzi ake akamabwerera amabwera mofatsa, osaya, oyenera munthu woopa kumira. Mungofunsa pa loji kuti lero adzaza nthawi yanji. Akaphwera musadandaule, ndi nthawi imene amayi a kumeneko amalowa kukasamalira minda yawo ya ndere za m'nyanja, zomwe amamangirira pa zingwe ndi zikhomo, n'kudzaziyanika kuti agulitse. Inu ngati mlimi mudzaima pamenepo nthawi yaitali. Muvale nsapato zapulasitiki polowa, pansi pamakhala tizilombo taminga. Mu Julaye kumawomba mphepo yochokera kummwera, ngati mwera wathu uja, ndiye boti mukwere ya m'mamawa nyanja isanakwiye. Komabe mwezi mwasankha bwino, mvula yambiri imagwa Malichi mpaka Meyi.

Anthu ambiri kumeneko ndi Asilamu. Pagombe valani zosambirira, koma m'mudzi ndi m'tauni alamu amange chitenje, afunditse mapewa, adzalandiridwa bwino.

Tsopano chimene ndikukupemphani ndi mtima wonse: musabwerere musanagone ku Stone Town, tauni yakale ya Zanzibar, ndi kukafika ku Mkunazini m'tauni momwemo. Pamenepo panali msika wa akapolo umene unatsekedwa mu 1873, ndipo a mishoni ya Angilikani ya ku Mangalande yotchedwa UMCA, omwewo amene anadzamanga tchalitchi chachikulu cha ku Likoma, anamangapo tchalitchi cha Angilikani. Ambiri ogulitsidwa pamalopo anali ochokera kuno kwathu. Jumbe wa ku Nkhotakota ankawawolotsa nyanja pa zombo, n'kuwayendetsa pansi mpaka ku Kilwa, doko la ku Tanzania. Amakulowetsani m'tizipinda tapansi, tamdima, tosatheka kuimiriramo bwino, ndipo panja pali ziboliboli za anthu ali m'dzenje, unyolo uli m'khosi. M'tchalitchimo muli mtanda wosemedwa ndi mtengo wa ku Chitambo ku Zambia, pamene anakwirira mtima wa David Livingstone. Ine ndimaphunzitsa ana mbiri imeneyi chaka ndi chaka, koma nditatuluka m'tizipindamo ndinakhala pansi, miyendo italefuka. Madzulo ake mukadye ku Forodhani, m'mbali mwa nyanja, kumene amawotcha nsomba ndi kufinya madzi a nzimbe. Mtengo muzifunsiratu asanakuikireni m'mbale.

Mnyamata wa ku Tsangano:
Madala, bwanji osangopita ku Likoma ndi Chizumulu? Mchenga ulipo, madzi ndi oyera, mulipira m'makwacha, pasipoti ayi. Ndalama ya inshuwaransi yokhayo mugonera nayo masiku angapo.

Wa ku Bembeke:
Zikomo nonse, mwanditsegula m'maso. Mwana wanga wa ku Tsangano, mwanena zoona ndipo Likoma tidzapita ndi ana, koma mayi anu akufuna alawe madziwo amve okha kuti ndi amchere. Aphunzitsi, ndawawerengera zimene mwalembazi, za Mkunazini anandiuza kuti ndibwereze. Agogo awo ankasimba za abale amene anagwidwa ku dimba osabwereranso, ndiye akuti tiyambire kumeneko tisanapite ku Jambiani. Mawa ndikupita kuboma kukafunsa za madola. Mayi a ku Lizulu, mundiuzeko loji yabwino yotsika mtengo yoti tikagone ku Dar es Salaam, kufupi ndi kokwerera boti.