Mapiko a solar aja tsopano akupindika bwino

Anzanga, zikomo kwambiri nonse amene munandiyankha pa funso langa la momwe ndingapindire mapiko a solar pa chombo changa mu Space Engineers, masewera a pakompyuta omanga zombo zam'mlengalenga, kuti chizilowa m'garaja popanda kukhula m'makoma.

Ambiri munati ndigwiritse ntchito piston, chipangizo chomwe chimatalika n'kufupika. Koma ndinatsatira malangizo a achimwene a ku Matero, oti ndiike hinge (cholumikizira chopindika, ngati cha pachitseko) patsinde pa phiko lililonse, poti hinge imapinda mpaka madigiri 90 mbali iliyonse. Zinatheka ndithu! Ndikadina batani, mapiko onse awiri amagona m'mbali mwa chombo pang'onopang'ono, ngati nkhuku ikufungatira anapiye.

Poyamba chombo chinkanjenjemera kwambiri mapiko akamatseguka, mpaka solar imodzi inathyoka n'kumayandama payokha. Chinathandiza ndi kuchepetsa velocity (liwiro) ya hinge, kenako kuyatsa hinge lock, yomwe imagwira hinge kuti isasunthe, mapiko akafika pamalo pake. Musauluke lock ili yozimitsa, chonde. Ndinaikanso timer block, chipangizo chomwe chimachita zomwe wachiuza pakapita nthawi yomwe waika, kuti iziyatsa lock yokha mapiko akamaliza kupindika, ndipo kwa ine iyi ndiyo njira yodalirika kuposa kumakumbukira wekha uli pakati poyendetsa.

Kwa amene akufuna kubisa ma thruster (ma injini okankha chombo) mwa njira yomweyi, dziwani kuti chilichonse chokhala pa hinge kapena piston chimawerengedwa ngati subgrid, kutanthauza gawo lapadera lolumikizidwa ku chombo, ndiye thruster yapamenepo simvera chiwongolero cha mu cockpit (mokhala woyendetsa) pokhapokha mutaikapo script, kapulogalamu kolamulira zipangizo za chombo.

Mlongo wathu wa ku Kabwata, maganizo anu a miyendo yoimirapo chombo chikatera, yolowa m'mimba mwake, ndiwayesa Loweruka likubwerali. Pamenepo piston ndiyo ikhala yoyenera.