Zomwe ndaona nditayesa kuphimbira nthaka

Miyezi isanu yapitayo ndinafunsa ngati kuphimbira nthaka ndi mapesi kumapulumutsadi mbewu mvula ikadula pakati pa dzinja, kapena kumangoitana chiswe. Ambiri mwa inu munati ndiyambe ndayesa pa kachigawo kochepa. Ndinaterodi.

Ng'amba inagwa mbewu zikulekeza m'mawondo, ndipo inatha pafupifupi masabata atatu. Mbali yomwe ndinaunga mizere monga mwa nthawi zonse, masamba ankafota dzuwa lisanafike paliwombo. Mbali yophimbira, ndikapisa chala pansi pa mapesi ndinkapeza chinyezi. Chiswe chinabweradi, koma chinatanganidwa ndi mapesi ouma, mbewu zaziwisi n'kuzisiya. Tinjira take tinathandizanso madzi kulowa pansi mvula itayambiranso.

Chomwe sindinachiyembekezere ndi udzu. Unamera msanga pomwe mapesi anachepa, ndipo kuzula ndi manja kunatidyera masiku ambiri. Mapesi omwewo ziweto nazo zimawafuna, choncho sangakwanire munda wonse.

Apa m'pamene mtima ukundiwawa. Pangano la ku Paris la 2015, lomwe maiko a dziko lapansi anagwirizana pa nkhani ya zanyengo, limalimbikitsa maiko kukonza ndondomeko zothandiza anthu kupirira kusintha kwa nyengo, koma chimene mlimi wamng'ono akusowa ndi mlangizi womupeza kumunda, mbewu zocha msanga zofika pa nthawi yake, ndi uthenga wa zanyengo asanabzale. Ine mlangizi ndinamuona kamodzi kokha chaka chonse.

Dzinja likubwerali ndisakaniza mbewu za mtundu wa nyemba zoyanga pansi, kuti ndisadalire mapesi okha. Inu amene munayesapo, munazibzala patatha masabata angati mbewu yaikulu itamera?