Kodi jakisoni wa stem cell angathandize mayi anga pa nyamakazi ya m'mawondo?

Akuluakulu a pa gulu lino, makamaka inu ogwira ntchito zachipatala, ndithandizeni nzeru. Mayi anga, amene amakhala ku Tsangano m'boma la Ntcheu, avutika ndi nyamakazi ya m'mawondo kwa zaka 6. Atawajambula, adokotala anatiuza kuti chicherewecherewe cha m'bondo lakumanja chinaperepeseka moti mafupa ayamba kukhulana. Chaka chino alephera ngakhale kutsikira kudimba kukaona kachewere wawo, ndipo mankhwala ochepetsa ululu a Diclofenac anasiya chifukwa ankawawotcha m'mimba.

Achimwene anga amene ali ku Johannesburg akuti titumize mayi kumeneko akabayidwe jakisoni wa stem cell, maselo amene amatha kusanduka maselo a mitundu ina m'thupi. Akuti madokotala amatenga maselo m'kati mwa fupa la m'chiuno kapena m'mafuta a pamimba pa wodwala yemweyo, n'kuwabaya m'bondo. Atchulanso njira ina yopanda maselo, ya ma exosome, timene ndi tinthu ting'onoting'ono totuluka m'maselowo.

Mtima wanga ukukana. Mu 2019, bungwe la American College of Rheumatology linalangiza madokotala kuti asabaye stem cell pa nyamakazi ya m'bondo ndi m'chiuno, ndipo FDA, bungwe la boma la America loyang'anira mankhwala ndi zakudya, inachenjeza anthu za ma exosome chaka chomwecho. Komabe dziko la South Korea linavomereza Cartistem mu 2012, mankhwala ochokera m'magazi a mumchombo wa khanda, amene amaikidwa m'bondo pochita opaleshoni. Kuti ulendo wa ku Johannesburg utheke tiyenera kugulitsa ng'ombe ziwiri, ndipo ndi zokhazo zimene bambo anatisiyira.

Kodi alipo amene m'bale wake anabayitsa? Ululu unachepa kwa miyezi ingati, ndipo atajambulanso chicherewecherewe chinaoneka kuti chabwerera? Kapena tiyambe taonana ndi akatswiri a mafupa ku LION, chipatala cha mafupa ndi ubongo cha ku Lilongwe? Ogulitsa timapaketi ta ufa toika kunsi kwa lilime, chonde musandilembere, chifukwa tinagula kale katatu ndipo bondo silinasinthe.

Yankho: Pepani ndi matenda a amayi. Ine ndimachititsa odwala mafizo ku Dedza. Bondo limene mafupa ayamba kukhulana silinasonyezedwe kuti jakisoni angalibwezeretse, choncho ng'ombezo musungire opaleshoni ngati akatswiri aiona kuti ndi yofunika. Padakali pano azilimbitsa minofu ya ntchafu tsiku lililonse, ndipo ndodo azigwira ndi dzanja lamanzere poti bondo lodwala ndi lakumanja.

Wofunsa: Zikomo kwambiri. Ndodoyo akhala akuigwirira kumanja zaka zonsezi, ndiwaimbira madzulo ano.