Kasitomala mmodzi akuoneka katatu mu database, thandizeni

Wa_Kabwata:
Akuluakulu, zandivuta. Chaka chatha ndinapangira shopu ina ya hadiweya ku Kamwala muno mu Lusaka kapulogalamu kolembera malonda ndi ngongole. Ndinagwiritsa ntchito SQLite, database yaing'ono yosunga zonse mu fayilo imodzi, poti kompyuta ndi imodzi yokha ya pakauntala. Zonse ndinaziunjika mu tebulo limodzi: nambala ya foni, dzina, katundu, mtengo, zolipira, zotsala. Dzulo mwini shopu anandiimbira atapsa mtima. Kontrakitala wina wotenga simenti ndi malata pangongole akuoneka katatu. Poyamba anali ndi nambala ya 097, kenako anasamukira ku 096, ndipo tsiku lina anatuma mphwake, mtsikana wa pakauntala n'kulemba nambala ya mnyamatayo. Kompyuta ikuti ngongole ndi K1,800, buku la mwini shopu likuti K6,450. Ndiyambire pati?

Mayi_wa_SQL:
Achimwene, kontrakitalayo alibe mlandu. Inu mwauza kompyuta kuti munthu ndi nambala yake ya foni, ndiye munthu akasintha simu, kwa kompyutayo wabadwa mwatsopano wopanda ngongole. Anthu a muno mu Lusaka amayenda ndi masimu awiri kapena atatu, mukudziwa nokha.

Phwanyani tebulolo. Loyamba likhale la makasitomala, munthu aliyense mzere umodzi basi, ndi nambala yake yopatsidwa ndi database, 1, 2, 3, yosasintha mpaka kalekale. Imeneyo ndiye primary key. Lachiwiri la malonda: tsiku, ndi kolamu ya kasitomala_id yoloza ku munthu uja. Kolamu yolozayo ndiye foreign key. Lachitatu la katundu wa pa lisiti iliyonse, poti lisiti imodzi ikhoza kukhala ndi simenti, misomali ndi penti. Lachinayi la malipiro. Manambala a foni nawonso apatseni tebulo lawolawo, kuti kasitomala nambala 14 akhale ndi mafoni atatu koma akhalebe nambala 14.

Ndipo kolamu ya zotsala muichotse. Ngongole sitisunga, timaiwerengera: SUM (kuphatikiza) ya zogula kuchotsa SUM ya zolipira, GROUP BY kasitomala_id, ndiye kuti kasitomala aliyense payekha. Mukaisunga pamizere yambiri, tsiku lina mudzakonza mzere umodzi n'kuiwala winawo, kenako simudzadziwa woona ndi uti.

Chawama_Dev:
Matebulo asanu pa kashopu ka simenti? Mudala, ingoikani NRC, nambala ya chitupa cha dziko, ikhale primary key, nkhani yatha. Munthu sasintha NRC ngati simu.

Mkulu_wa_Seva:
Ayi, pa NRC ndikukana. Ku Kamwala kumagula aKongo, aTanzania, aMalawi, onsewo muwalemba chiyani? Wotumidwa wa zaka zosafika 16 alibenso. Komanso nambala ija ndi yaitali, manambala 6, kamzere, awiri, kamzere, imodzi. Wa pakauntala akaphonya imodzi, cholakwikacho chalowa m'matebulo onse oloza kumeneko. NRC ikhale kolamu wamba yokhala ndi UNIQUE kuti isabwerezedwe, yololedwa kukhala yopanda kanthu. Ndisanaiwale, dzifunseni ngati shopu ya misomali ikufunikiradi NRC za anthu, poti kuyambira 2021 tili ndi Data Protection Act, ndipo chimene watolera uyenera kuchisamala.

Zogawa matebulozi si mwambo wa amayiwa okha. Edgar Codd wa ku IBM ndiye anabwera ndi ganizoli mu 1970, ndipo mfundo ya normalisation ndi yomweyi: chinthu chimodzi chilembedwe pamalo amodzi. Ambiri amaganiza kuti dzina loti relational, lomwe limapatsidwa ku ma database a matebulo ngati awa, likunena za ubale wa matebulo, koma kwa Codd relation ndi tebulo lenilenilo, mawu ochokera ku masamu. Ine ndinazindikira zimenezi nditagwira kale ntchitoyi zaka zingapo, manyazi ake.

Chawama_Dev:
Za aKongo ndavomera. Komabe JOIN zambiri zolumikiza matebulowa sizichedwetsa?

Mayi_wa_SQL:
Pa malisiti a shopu imodzi? Simudzamva n'komwe. Ikani index, yofulumizitsa kufufuza, pa kasitomala_id. Chinthu chimodzi chokha chimene ndingalole kuti chibwerezedwe ndi mtengo: pa mzere wa katundu wogulitsidwa lembanipo mtengo wa tsiku limenelo. Simenti ikakwera mwezi wamawa, ngongole ya mwezi watha isakwere nayo.

Wa_Kabwata:
Zikomo amayi, ndagawa monga munanenera pa kope yoyesera. Koma pali chodabwitsa. Ndalemba REFERENCES ya foreign key bwinobwino, kenako ndafufuta kasitomala amene ali ndi malisiti 9 kuti ndione ngati ikana. Sinakane! Munthu wapita, malisiti atsala amasiye, akuloza nambala yomwe kulibe.

Mkulu_wa_Seva:
Hahaha, SQLite yakulandirani. Iyo imabwera foreign key zili zozimitsa. Lembani PRAGMA foreign_keys = ON, ndipo osati kamodzi kokha, koma nthawi iliyonse pulogalamu ikatsegula database. Muike mu code pamalo potsegulira pomwepo. A database ya MySQL musaseke, nanunso tebulo likakhala la mtundu wa MyISAM limalandira mawu a foreign key mwaulemu koma osawatsata, InnoDB ndiye imatsata.

Musaikenso ON DELETE CASCADE pa makasitomala. Wina akadina molakwika, munthu ndi ngongole zake zonse zipita limodzi. RESTRICT, yokana kufufuta munthu amene ali ndi malisiti, ndiye yoyenera apa.

Mtendere_Py:
Ndalama mukuzisunga bwanji? Ngati ndi REAL, mtundu wa manambala a decimal, sinthani lero. Manambala a decimal ena kompyuta siiwasunga ndendende, mukaphatikiza mizere yambiri mudzapeza ngwee yosowa. Mu SQLite sungani ma ngwee ngati INTEGER, K125.50 ikhale 12550, muzigawa ndi 100 posindikiza lisiti pokha.

China, ndi magetsi athu ano: kulemba lisiti, katundu wake ndi kuchotsa mu sitoko zikhale pakati pa BEGIN ndi COMMIT. Akathima pakatikati, zonse zibwerera monga zinalili, osati lisiti yalowa koma matumba a simenti akuonekabe m'sitoko.

Wa_Kabwata:
PRAGMA yagwira, tsopano ikukana kufufuta. Ndalumikiza mizere itatu ya kontrakitala uja kukhala munthu mmodzi, SUM yapereka K6,300. Kwatsala K150 kuti ifanane ndi buku.

Mayi_wa_SQL:
Imeneyo SQL singakupezereni. Mwina pali lisiti inalembedwa m'buku tsiku lomwe magetsi kunalibe, osalowa mu kompyuta. Ndipo enawo musawalumikize potengera dzina lokha, a Phiri ndi a Banda muwapeza ambirimbiri, mungasenzetse munthu ngongole ya mnzake. Tulutsani mndandanda wa maina ofanana, mukakhale pansi ndi mwini shopu ndi buku lake, iye ndiye amawadziwa nkhope. Musanakhudze fayilo yeniyeni, koperani pa flash.

Wa_Kabwata:
Ndakopera kale pawiri. Loweruka akatseka shopu ndikakhala nawo, mndandanda uli ndi maina 37.