Mwana wakhoza ma AP: atenge ma credit kapena abwereze Calculus?

Admin ndibiseni dzina. Moni nonse apagulu, makamaka makolo a kuno ku America amene ana anu ali kale ku koleji.

Ndimakhala ku Indiana. Mwana wanga wamkazi wamaliza high school chaka chino, ndipo wapeza malo pa yunivesite ina ya boma yakonkuno kuti akachite engineering. Ku high school anatenga makalasi a AP, aja a College Board amene amati ndi maphunziro a ku koleji koma ophunzirira ku sekondale. Mayeso analemba mu May, zotsatira zatuluka mu July: Calculus AB (masamu) wapeza 5, US History 4, Chemistry 3. Kuno 5 ndiye wapamwamba, osati ngati MSCE yathu ija yoti 1 ndiye mfumu.

Mayeso aliwonse ndinkalipira pafupifupi $100 osadandaula, poti ankatiuza kuti akakhoza, makalasi ena sadzawalowanso ku yunivesite ndipo fizi idzachepa. Dzulo tatsegula akaunti yake ya kusukulu. History ayiwerengera bwinobwino. Chemistry amupatsa ma credit (mapointi amene amasonkhanitsa kuti amalize digiri), koma pambali palembedwa kuti "undistributed", ndipo kalasi ya chemistry ikuonekabe pa zimene ayenera kutenga. Nanga ma credit amenewo ndi a chiyani? Chandizunguza mutu kwambiri ndi Calculus. Amuwerengera ngati Calculus I, koma adviser wamuuza kuti aganizire zobwereza, akuti ambiri amene amalumpha amakaona mbonaona mu Calculus II. Munthu wapeza 5, abwereze bwanji? Kodi si njira yotidyera ndalama imeneyi? Mwana naye ali pakati, pena akuti alumpha, pena akuti akuopa. Ndithandizeni nzeru, chifukwa asankha makalasi posachedwapa.

Ndemanga

Bambo wina wa ku Indianapolis: Mayi, pa Chemistry paja sanakubereni. Indiana inakhazikitsa lamulo mu 2010 loti masukulu a boma azipereka credit kwa aliyense wopeza 3 kapena kuposerapo. Koma lamulo lomwelo limawalola kufuna 4 kapena 5 ngati phunzirolo lili pa phata pa digiri ya mwanayo. Ndiye wa 3 amamupatsa credit ya elective, kalasi yodzisankhira yekha: imawerengedwa pa chiwerengero cha ma credit, koma siichotsa kalasi yofunika pa digiriyo. Vuto ndi loti engineering ili ndi malo ochepa a ma elective, mwina sidzagwira ntchito n'komwe. Pa webusaiti ya yunivesite iliyonse pamakhala tebulo la AP losonyeza kuti 3, 4 ndi 5 zimapereka kalasi iti. Liikeni pambali pa ndandanda wa makalasi a digiri yakeyo, muziona limodzi.

Mtsikana wina amene anamaliza engineering: Anti, ine ndinalumpha ndipo sindinong'oneza bondo. Koma musadalire 5 yekhayo. Mayunivesite ambiri amaika mayeso akale a masamu pa intaneti. Mupezereni final (mayeso omaliza) ya Calculus I ya sukulu yomweyo, akhale pa tebulo, foni kutali, wotchi patsogolo, ndipo ngati kumeneko salola calculator nayenso asagwire. Pa AP pali zigawo zololeza calculator, ndiye ena amazolowera moti akawalanda manja amanjenjemera. Akakhoza bwino alumphe. Calculus II ndi yowawa kwa aliyense, wobwereza ndi wolumpha yemwe, makamaka pa ma series. Dziwaninso kuti akabwereza ndiye kuti credit ya AP ija yapita, sawerengera kawiri.

Mayi wina wa ku Texas: Achemwali, ine ndiona mosiyana. Wanga anabwereza ndipo anapeza A. Credit ya AP ilibe giredi, siikweza GPA (avareji ya magiredi onse), pamene scholarship yake inkafuna GPA inayake kuti ipitirire. Semesita yoyamba ija mwana amakhala akuphunzira kukhala yekha, kudzuka yekha, kuchapa yekha. Kalasi imodzi yodziwika kale imamupatsa mpata wopuma. Za ndalamazo, funsani kaye mmene amalipiritsira. Masukulu ambiri wophunzira wa full time amalipira mtengo umodzi, kaya atenge ma credit 12 kaya 17. Ndalama imapulumuka pokhapokha akamaliza semesita yathunthu msanga, ndipo ku engineering makalasi amalumikizana ngati unyolo, kufupikitsa n'kovuta. Koma ngati angadzasinthe maganizo n'kufuna udokotala, Chemistry ija kuilowanso n'kwabwino, chifukwa masukulu ena a udokotala salandira AP pa maphunziro a sayansi.

Mwini funso: Zikomo achemwali. Zoti mtengo ndi umodzi ndafufuza, n'zoona, sukulu yakenso ndi choncho. Ndiye ma $100 anga aja abwerera kudzera kuti?

Mtsikana wa engineering uja: Abwerera Anti, koma osati ngati cheke. History ija yamuchotsera kalasi, ndiye semesita ina adzanyamula katundu wopepuka, kapena adzaikapo minor, phunziro lina laling'ono lowonjezera pa digiri. M'masukulu ambirinso amene ali ndi ma credit ochuluka ndi amene amayamba kusankha makalasi, ndiye ngakhale ya Chemistry ija ikhoza kumuika patsogolo pa mzere.

Bambo wina wa ku Blantyre: Pepani ndilowerere. Wanga akulemba A-Level ya Cambridge kuno kumudzi, akufuna kubwera komweko. Nayenso angamuwerengere?

Bambo wa ku Indianapolis uja: Achimwene, mayunivesite ambiri a kuno amapereka credit pa A-Level, chimodzimodzinso mayeso a IB (International Baccalaureate) a Higher Level, malinga ndi giredi. IGCSE ndi MSCE ndi zolowera basi. Koma sukulu iliyonse ili ndi malamulo ake. Dartmouth, mwachitsanzo, inasiya kuwerengera AP pa ma credit omalizira digiri, imangomulola mwana kuyambira kalasi yapamwamba. Funsani ofesi ya registrar musanalipire kalikonse, ndipo satifiketi yeniyeni ya Cambridge muisunge bwino, adzaifuna.

Mwini funso: Final yakale ija taipeza, tasindikiza kale, alemba Loweruka ndikaweruka kuntchito. Tsono iwe mtsikana amene unamaliza engineering, "kukhoza bwino" ukutanthauza ma peresenti angati? Chifukwa uyu akapeza 70 adzandiuza kuti zatheka.