Ophunzira a zaka 19 ndi 20 akufuna chilolezo cha mfuti cha chigawo china, ndiwauze chiyani Loweruka?

Mlangizi_SouthBend

Akuluakulu, ndithandizeni msanga chifukwa kalasi yanga ya chilolezo chonyamulira mfuti cha chigawo cha Utah kuno ku America ili Loweruka lino ndipo anthu analipira kale. Mwa amene alembetsa, awiri sanakwanitse zaka 21, wina ali ndi 19 ndipo winayo ali ndi 20, koma ine ndazindikira zimenezi usiku wapitawu pamene ndimasanja makope a malaisensi awo oyendetsera galimoto. Wa zaka 19 uja amathandiza bambo ake pa bizinesi yosamutsa katundu wa m'nyumba, moti kawirikawiri amayenda pa msewu waukulu wa I-80 kudutsa Illinois, Iowa ndi Nebraska mpaka ku Denver, ndipo nthawi zina amatsikira ku Florida. Laisensi ya mfuti ya kuno ku Indiana ali nayo kale, popeza kuno amapereka kuyambira zaka 18, ndipo tsopano akufuna provisional ya Utah, chilolezo chongoyembekezera cha osakwana zaka 21, poganiza kuti imuteteza msewu wonse. Wandionetsa mapu a pafoni pake, zigawo zambirimbiri zili zobiriwira kusonyeza kuti zimalemekeza chilolezo cha Utah, ndipo akuti mnzake wina anamutsimikizira kuti palibe vuto. Ine ndikudziwa kuti mapu amenewo ndi a chilolezo chachikulu cha zaka 21, koma sindikufuna kuima patsogolo pa kalasi n'kumalankhula zongoganizira. Kodi ndimuphunzitse n'kusainira fomu yake, kapena ndimubwezere ndalama zake? Nanga pali chilolezo china cha osakhala m'chigawo chimene chingamuthandize kuposa cha Utah? Ndatopa ndi mafunso amenewa chifukwa amabwera kalasi iliyonse.

MthandiziWaMaloya_MN

Achimwene, mnyamatayo wasakaniza misinkhu itatu ngati kuti ndi umodzi, ndipo ntchito yanu Loweruka ndi kuimasula pamaso pake. Pali msinkhu wogulira mfuti, pali msinkhu wolandirira chilolezo, ndiye pali msinkhu umene chigawo chimene mwalowamo chimafuna chisanalemekeze chilolezo chimene mwanyamulacho. Wachitatuwu ndi umene umamangitsa anthu.

Utah inayamba kupereka provisional kwa a zaka 18 mpaka 20 m'chaka cha 2017, ndipo ochokera kunja kwa chigawocho amaloledwa kupempha, choncho kulandira khadilo angalandire. Koma tiyang'ane kumene akupitako. Colorado imalemekeza chilolezo cha chigawo china pokhapokha ngati mwiniwakeyo wakwanitsa zaka 21 komanso amakhala m'chigawo chimene chinapereka chilolezocho. Ndiye kuti cha Utah sichidzagwira ntchito ku Denver ngakhale atadzakwanitsa zaka 40, bola ngati adakali wa ku Indiana, ndipo cha Indiana chimene ali nachocho sichingagwire asanafike 21. Florida nayo inalemba zaka 21 m'lamulo lake, kaya munthu akupempha chilolezo chawo ku Department of Agriculture and Consumer Services, kaya akudalira lamulo lonyamula popanda chilolezo limene linayamba pa 1 July 2023; amene amapatsidwa mpata ali ochepera pamenepo ndi asilikali ndi amene anapuma usilikali mwaulemu. Illinois siilemekeza chilolezo cha chigawo china chilichonse, ngakhale kuti ili ndi ndime yolola mlendo amene ali wololedwa kwawo kusunga mfuti m'galimoto mwake. Mwachidule, malo onse awiri amene iye akupitako ndi otseka kwa iyeyo pa nkhani ya chilolezo, ndipo khadi la Utah silitsegula ngakhale limodzi.

Mlonda_Dallas

Ndi ulemu wonse mayi, zimene mukunenazi n'zakale. Kuyambira pa chigamulo cha Khoti Lalikulu la America pa mlandu wa mfuti wa Bruen mu June 2022, malire a zaka 21 akugwa paliponse. Kuno ku Texas woweruza Mark Pittman anagamula mu August 2022 kuti kuletsa a zaka 18 mpaka 20 n'kosemphana ndi malamulo oyendetsera dziko, ndipo DPS, nthambi ya chitetezo ya Texas imene imapereka zilolezo, inasiya kukana anthu chifukwa cha msinkhu wokha. Kwanu komweko ku Minnesota mlandu wa Worth unathetsa malire amenewo mu 2024, ndipo Khoti Lalikulu linakana kumvanso nkhaniyo mu April 2025. Munthu wa zaka 18 amavota ndiponso amapita kunkhondo. Muphunzitseni mnyamatayo, asaope.

MthandiziWaMaloya_MN

Bambo, milandu imene mwatchulayo ndi yoona, ndipo wa Worth ndimaudziwa bwino chifukwa ndi wa kuno. Koma chigamulo chimenecho chinakhudza lamulo la Minnesota, ndipo chinachokera ku khoti la apilo la Eighth Circuit, limene ulamuliro wake sufika ku Colorado kapena ku Florida. Colorado ili pansi pa Tenth Circuit, imene mu November 2024 inalola kuti lamulo la chigawocho loletsa osakwana zaka 21 kugula mfuti ligwire ntchito. Florida ili pansi pa Eleventh Circuit, imene mu March 2025 inavomereza lamulo lofanana nalo. Kukana kwa Khoti Lalikulu kumva apilo sikutanthauza kuti lagamula nkhaniyo m'dziko lonse.

MkuluWaRenji

Ine ndakalamba pa ntchito imeneyi ndipo ndikuuzani zimene ndinaona ndi maso angawa, ngakhale sinditchula chigawo chake. Zaka zingapo zapitazo ndinali ndi wophunzira wa zaka 20, mwana wofatsa kwambiri, wa kwaya kutchalitchi, amene anatenga chilolezo cha kunja n'kupita kuukwati wa msuweni wake kutali. Anaimitsidwa chifukwa cha nyali ya kumbuyo imene inali itapsa, ndipo monga mmene ndinamuphunzitsira, anauza wapolisiyo mwaulemu kuti ali ndi mfuti, n'kupereka khadi lake. Wapolisiyo anayang'ana tsiku lobadwa, n'kumuuza kuti atuluke m'galimoto. Mnyamatayo anatulutsa foni kuti aonetse mapu obiriwira aja, koma wapolisiyo sanafune n'komwe kuwayang'ana. Anagona m'chitokosi, ukwati unachitika iye kulibe, mfuti inalandidwa, ndipo makolo ake anagulitsa galimoto kuti alipire loya. Mlanduwo unatha bwino pamapeto pake, koma unatenga miyezi yambiri, ndipo nthawi yonseyo amayi ake ankandiimbira foni kundifunsa kuti ndinamuphunzitsa chiyani mwana wawo. Sindinalakwe pa lamulo, koma ndinali nditalankhula za reciprocity, kulemekezerana zilolezo pakati pa zigawo, kwa mphindi zisanu zokha kumapeto kwa kalasi, anthu atatopa kale ndipo akuyang'ana pakhomo. Kuyambira pamenepo nkhani ya msinkhu ndimayamba nayo m'mawa, ndipo aliyense wosakwana zaka 21 amasaina pepala losonyeza kuti ndamuuza.

Mlonda_Dallas

Akulu anga, nkhani yanu ndi yomvetsa chisoni, koma mwanena nokha kuti mlanduwo unatha bwino. Ndipo ndikukhulupirira kuti zinachitika Bruen isanafike. Lero loya aliyense wodziwa ntchito angapambane mlandu woterowo.

MkuluWaRenji

Loyayo mudzamulipirira ndinu, achimwene?

Mlangizi_Atlanta

Ndiyankhe funso lachiwiri lija limene palibe amene walikhudza. Zilolezo za osakhala m'chigawo zimene ophunzira athu amakonda pafupifupi zonse zimayambira pa 21. Cha Virginia, chimene amapereka apolisi a chigawocho, ndi 21, ndipo kuyambira January 2021 salandiranso maphunziro a pa intaneti okha. Cha Arizona ndi 21, kupatula asilikali amene amayambira pa 19. Cha Pennsylvania ndi 21. Maine imapereka kuyambira zaka 18 ngakhale kwa alendo, ndipo ena amatenganso cha New Hampshire, koma kuchulukitsa makhadi m'chikwama sikusintha zimene mayi a ku Minnesota afotokoza, chifukwa chigawo chimene chinalemba 21 m'lamulo lake lolandirira alendo chimayang'ana tsiku lobadwa, osati dzina la chigawo limene lili pakhadi.

Pa za Utah musaiwale ziwiri. Provisional imatha mphamvu tsiku limene munthu wakwanitsa zaka 21, ndiye wophunzira wanu wa zaka 20 uja mumufunse mwezi wake wobadwa, mwina akulipira khadi limene lidzangogwira ntchito miyezi itatu. Komanso amene amakhala m'chigawo chimene chimalemekeza chilolezo cha Utah amayenera kutumiza kope la chilolezo cha kwawo pamodzi ndi fomu ndi zidindo za zala. Anyamata ambiri a ku Indiana sanavutike kutenga laisensi ya kwawo chiyambire pamene kunyamula popanda chilolezo kunaloledwa pa 1 July 2022, choncho onetsetsani kuti wa zaka 20 uja ali nayo.

Mlangizi_SouthBend

Zikomo nonse. Wa zaka 20 uja ndamuimbira, laisensi ya Indiana alibe, ndipo akukwanitsa 21 mu miyezi isanu. Ameneyo ndikuona kuti ndimulangiza adikire. Amene akundipweteka mutu ndi wa zaka 19 uja, chifukwa bambo ake ndi amene akukakamira, akuti pamsewu pamakhala ndalama za makasitomala ndipo amagona m'malo oimikapo magalimoto usiku. Nanga Iowa ndi Nebraska zili bwanji pa provisional?

MthandiziWaMaloya_MN

Zimenezo musazitenge kwa ife achimwene, ngakhale kwa ine. Tsegulani mndandanda wa BCI, ofesi ya Utah yopereka zilolezozi, umene umasiyanitsa zigawo zolemekeza provisional ndi zolemekeza chilolezo chachikulu, kenako mutsimikize pa tsamba la apolisi kapena la loya wamkulu wa chigawo chilichonse chimene akudutsa, tsiku lomwelo la kalasi, chifukwa nyumba zamalamulo zikusintha misinkhu imeneyi chaka ndi chaka. Musindikize masambawo, mulembepo deti, ndipo musunge kope m'faelo yanu.

Chinanso chimene ndikufuna mufunse bamboyo n'chakuti mfutiyo inachokera kuti. Lamulo la dziko lonse la 1968 limaletsa sitolo yokhala ndi laisensi kugulitsa pisitolo kwa wosakwana zaka 21. Bambo akhoza kugula ndi ndalama zake n'kupatsa mwana wake wa zaka 19 monga mphatso yeniyeni ngati onse amakhala m'chigawo chimodzi ndipo lamulo la kumeneko likulola. Koma ngati mwanayo ndi amene anapereka ndalama, bamboyo n'kulemba pa fomu 4473, imene wogula mfuti amasaina m'sitolo, kuti wogula weniweni ndi iyeyo, umenewo ndi mlandu waukulu, ndipo Khoti Lalikulu linatsimikiza mu mlandu wa Abramski mu 2014 kuti zilibe kanthu ngakhale wolandirayo ali munthu wololedwa kukhala ndi mfuti.

Mlonda_Dallas

Lamulo la 1968 limenelonso linagwa. Fifth Circuit inagamula mu mlandu wa Reese mu January 2025 kuti kuletsa masitolo kugulitsa kwa a zaka 18 mpaka 20 n'kosaloleka. Ndikubwerezanso kuti 21 yatha, ndipo ife alangizi tikuopseza ana pachabe.

Mlangizi_Atlanta

Ndipo Fourth Circuit inagamula zosiyana ndi zimenezo chaka chomwecho, bambo. Indiana ili mu Seventh Circuit. Pitani mukapeze sitolo ya ku South Bend imene ingaike laisensi yake pachiswe chifukwa cha chigamulo cha ku New Orleans, mukatiuze.

MayiWaChitetezo_Seattle

Pepani kulowerera mochedwa, koma pali zimene zimatipeza ife makamaka, anthu obwera, zimene alangizi obadwira kuno saziganizira n'komwe. Mukamayang'ana tsiku lobadwa muziyang'ananso mapepala okhalira m'dziko. Chaka chatha kunabwera mtsikana wa kumudzi kwathu, wa zaka 23, wophunzira pa koleji ndi visa ya F-1, akufuna kalasi chifukwa amaweruka usiku kuntchito ya pasukulupo. Msinkhu wake unali wokwana, koma lamulo la dziko lonse limaletsa amene analowa ndi visa ya alendo kukhala ndi mfuti kapena zipolopolo, kupatula pa zifukwa zochepa monga kukhala ndi laisensi yosakira nyama. Florida, mwachitsanzo, imapereka chilolezo kwa nzika ndi a green card okha. Ndinamubweza, anandikwiyira mpaka anakandinena kwa azakhali ake, koma mlandu wa mfuti kwa munthu wa visa umathera pa kuthamangitsidwa m'dziko. Achimwene a ku South Bend, kwanuko kuli ana ambiri a kwathu amene ali pasukulu, ndiye funsani za mnyamata wanuyo ndi bambo ake omwe musanapite patali.

MkuluWaRenji

Ndiwonjezere za masukulu, popeza ntchito yawo ndi yosamutsa katundu m'makomo a anthu. Lamulo la 1990 la Gun-Free School Zones limaletsa mfuti pa mtunda wa mapazi 1,000 kuchokera pamalo a sukulu, ndipo chilolezo chimene chimakuchotsani m'lamulo limenelo ndi chokhacho choperekedwa ndi chigawo chimene sukuluyo ili. Khadi la Utah silithandiza pamenepo mukakhala ku Omaha. M'matauni n'kovuta kuyenda osadutsa pafupi ndi sukulu. Njira imene ine ndimaphunzitsa ana oterewa ndi ya lamulo la 1986 la apaulendo: mfuti yopanda zipolopolo, yotsekeredwa m'bokosi lokhoma, kutali ndi pamene dalaivala angafikire, ndipo osati m'kabokosi ka kutsogolo kaja. Koma ngakhale pamenepo payenera kukhala pololedwa kumene wachokera ndi kumene akupita, ndipo bamboyo sadzasangalala kumva kuti mfuti ya chitetezo ikhale m'bokosi.

Mlangizi_Atlanta

Ndangokumbukira china. Ngati galimoto yawo yosamutsira katundu ikupitirira mapaundi 10,000, mnyamata wa zaka 19 saloledwanso kuiyendetsa pa ntchito yodutsa malire a zigawo, chifukwa malamulo a magalimoto a malonda nawonso amafuna zaka 21. Kodi iyeyo amayendetsa kapena amangonyamula katundu?

Mlonda_Dallas

Limenelo ndi lamulo la magalimoto, silikukhudzana ndi ufulu wa mfuti. Pa za mfuti ndikuimabe pomwe ndinaima, 18 ndi munthu wamkulu.

MayiWaChitetezo_Seattle

Achimwene a ku South Bend, Loweruka lija linadutsa. Mnyamatayo munamuphunzitsa kapena munabweza ndalama? Ndikufunsa chifukwa nanenso ndalandira fomu ya wa zaka 19 ya kalasi ya mwezi wamawa.