Ndikafufuza “lima” ikundiwalitsira Salima

Wa ku Zomba: Akuluakulu, ndithandizeni, mutu waima. Ndikukonza pofufuzira pa webusaiti ya bungwe lina la zaulimi. Zikalata zambiri n'za Chichewa, zina za Chingerezi, ndipo ndikugwiritsa ntchito Elasticsearch 8, pulogalamu yofufuzira m'zikalata. Kupeza ikupeza, koma timizere tija ta pansi pa mutu wa chikalata, tokhala ndi mawu owalitsidwa, tikundichititsa manyazi. Dzulo ndikuonetsa abwana, ndalemba “lima”, pamwamba penipeni pabwera lipoti la msonkhano wa ku Salima, “Sa” ali bwinobwino, “lima” akuwala chikasu. Abwana anangoti, “mwina mumalize kaye.”

Achemwali a backend: Pepani achimwene, koma ndaseka. Mwaika ngram tokenizer, ija imadula mawu m'tizidutswa ta zilembo zochepa, eti?

Wa ku Zomba: Eya, min_gram 3, max_gram 4. Ndimafuna wolemba “lima” apezenso kulima, adalima, tikulima. Nanga si stemmer ya Chichewa, yopezera tsinde la liwu, mu Elasticsearch mulibe.

Achemwali a backend: Ndiye highlighter yo musaiimbe mlandu. Iyo imangowalitsa zimene analyzer yanu, yogawa ndi kukonza mawu, yanena kuti zagwirizana. Mwadula mawu onse m'tizidutswa ta zilembo zitatu kapena zinayi, ndiye Salima kukana bwanji? Ine ndikanachotsa ngram pa field yaikuluyo, gawo losungamo mawu a chikalata, n'kubwezera standard tokenizer, yodula liwu ndi liwu. Aneni amene alimi amafufuza kawirikawiri si ambiri: lima, bzala, palira, thira, kolola, sunga. Aikeni m'magulu ndi stemmer_override, kuti kulima, adalima ndi akulima onse azikhala lima. Ntchito yotopetsa, koma mawu owala amakhala athunthu.

Wa ku Joni: Ndikugwirizana nawo achemwaliwo. Koma yesaninso ichi musanagone: fufuzani “mudzi”, muone ngati “m'mudzi” akuwala.

Wa ku Zomba: Ndachotsa ngram pa index yoyesera, mosungiramo zikalata zofufuzidwa. Salima wapita. Koma zoona, “m'mudzi” sakuwala, “m'munda” chimodzimodzi.

Wa ku Joni: Ndimadziwa. Standard tokenizer ikaona kankhodolero pakati pa zilembo siidula, “m'mudzi” amakhala liwu limodzi. Mankhwala ake ndi elision filter, ija anaipangira Chifalansa kuti l'avion azikhala avion. Pa mndandanda wa articles, zilembo zoti zizichotsedwa, ikani m ndi n basi. Ng'ombe ndi ng'oma sizikhudzidwa chifukwa “ng” sali pa mndandandawo. Ubwino wake ma offset, malo amene liwu layambira ndi kuthera m'chikalata, sasintha, choncho pa sikirini “m'mudzi” yense amawala, osati theka. Patsogolo pake ikani lowercase ndi asciifolding. Zikalata zolembedwa mu Word zimabwera ndi kankhodolero kopindika, pamene mlimi pa foni nthawi zambiri amalemba kowongoka, ndiye ng’ombe ndi ng'ombe kwa makinawo ndi nyama ziwiri. Asciifolding imaziphatikiza, komanso Malaŵi wa kadenga uja imamusandutsa Malawi.

Mkulu wa maseva: Elision yo ndi yabwino koma chenjerani, ineyo inandilumapo. “M'bale” imamusandutsa “bale”. Inu muli ndi zikalata za Chingerezi za fodya. Wina akafufuza bale akufuna mitengo ya mabelo ku okushoni, mudzamuwalitsira “m'bale wanga anadwala”. Chichewa ndi Chingerezi zikhale m'ma field osiyana, chilichonse ndi analyzer yake. Musaiwalenso kuti kusintha analyzer kumafuna reindex, kulowetsanso zikalata zonse mu index, osangosintha mapping n'kumadabwa kuti palibe chasintha.

Wa ku Zomba: Zikomo akulu, ndazilekanitsa. Latsala vuto la kutalika. Timizereti tikuthera m'malere: “thirani feteleza wa Urea pakatha” basi, pakatha chiyani osaoneka. Yankho lomwe munthu akufunalo ndi lomwe ladulidwa.

Achemwali a backend: fragment_size, kutalika kwa kamzere kalikonse, mukapanda kuikhudza imakhala zilembo 100, ndipo number_of_fragments, chiwerengero cha timizereto, imakhala 5. Mawu athu ndi aatali, “sindinakufotokozereni” yekha watenga kale zilembo 21. Unified highlighter imayamba yagawa ziganizo, koma chiganizo chikapitirira malirewo imachidula pa liwu lapafupi. Ikani 180, tizidutswa tiwiri tokha. Pa foni tisanu palibe amawerenga.

Wa ku Joni: Ndipo no_match_size, zilembo zimene zimaoneka ngati palibe liwu lowalitsa, ikani 150. Mukaisiya pa 0, chikalata chomwe chagwirizana pa mutu pokha chimaoneka chopanda kanthu pansi, ngati chawonongeka.

Mkulu wa maseva: Ma PDF aataliwo bwanji? Field ikapitirira zilembo 1,000,000 highlighter imakana ndi error ya max_analyzed_offset. Poti mukupanga reindex kale, ikirenitu index_options: offsets, kuti highlighter isamachite kuwerenganso buku lonse nthawi iliyonse munthu akafufuza. Disiki idya pang'ono, koma liwiro muliona. Encoder muike html, winawake angakulowetsereni script kudzera m'chikalata.

Wa ku Zomba: Reindex yatha. “Lima” tsopano ikubweretsa kalozera wa kulima mtedza, chiganizo chathunthu, “kulima” akuwala yense. Koma ndapeza china: m'ma PDF akale mawu anadulidwa kumapeto kwa mzere, “chima-” pamwamba, “nga” pansi, ndiye chimanga sichikuwala.

Achemwali a backend: Icho musachikonzere mu Elasticsearch. Lumikizani mawuwo potulutsa text mu PDF, musanatumize ku index. Koma onetsetsani kuti simukulumikizanso zinthu ngati 2023-2024. Tumizani tsamba limodzi lotere ndione mmene ladukira.

Wa ku Zomba: Magetsi angothima kumene, ndili pa batire 12%. Ndikutumizirani akayaka.